Ulendo wa Ngwazi: Masitepe Amene Mpangankhani Wamkulu Amadutsamo

Zolinga za mutu uno

Pomaliza kuwerenga mutu uno muyenera:

(a) kufotokoza tanthauzo la ngwazi m'nkhani za mchezo ndi zolembedwa;
(b) kutchula magawo atatu a ulendo wa ngwazi ndi masitepe a m'gawo lililonse;
(c) kuonetsa m'mene ulendo umasinthira mpangankhani wamkulu;
(d) kuzindikira nkhani zimene sizitsata ndondomeko imeneyi;
(e) kugwiritsa ntchito masitepewa poyankha mafunso a chimangirizo.

Chiyambi

Mwa nthano zonse zimene mudamvapo kapena kuwerengapo, ndi zingati zimene mpangankhani wamkulu amangokhala pakhomo kuyambira pa "padangotero" mpaka pamapeto? N'zochepa ndithu. Kawirikawiri pamagwa vuto, wina n'kunyamuka. M'mudzi mwagwa njala, mnyamata apita kukasuma. Chilombo chatseka njira ya kuchitsime, mwana wamasiye alimba mtima kukachisaka. Wina walanda ufumu, mwini ufumuwo athawira kudziko la eni, tsiku lina n'kudzabwera. Nkhani zotere timazitcha nkhani za maulendo.

Ophunzira ambiri akafunsidwa za nkhani yotere amangoyamba kuifotokoza yonse: adapita apa, kenaka adapita apo, atachoka apo adakumana ndi uje. Pepala limadzaza, nthawi imatha, koma malikisi osaoneka. Chifukwa chake n'chakuti wochonga nkhaniyo amaidziwa kale. Chimene akufuna kwa inu n'chakuti muonetse tanthauzo la zochitikazo. Mutu uno ukupatsani njira yochitira zimenezi, ndipo mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: ulendo wa mapazi umaonetsa ulendo wa mumtima. Munthu wobwerera kumudzi sakhala yemwe uja adanyamuka, ndipo mudziwo nawo sutsala m'mene udaliri.

Kodi ngwazi ndani?

Kuno kwathu liwu lakuti ngwazi limakumbutsa ambiri za Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, amene ankatchulidwa ndi dzina laulemuli. Koma liwuli limatanthauza munthu aliyense wolimba mtima amene wachita chimene anzake adalephera. M'maphunziro a nkhani, ngwazi ndi mpangankhani wamkulu amene ali ndi zinthu zitatu izi. Choyamba, poyamba nkhani amakhala ndi chosowa kapena chofooka: ndi wamasiye, wolumala, wamantha, wonyozeka kapena wodzikuza. Chachiwiri, amalowa m'zoopsa zimene angathe kutayirapo moyo kapena ulemu wake. Chachitatu, zotsatira za ulendo wake zimakhudza anthu ena, osati iye yekha ayi. Musaganize kuti ngwazi ndi munthu wopanda banga. Akadakhala wangwiro pachiyambi, bwenzi ulendowo ulibe chomusintha, ndipo nkhani bwenzi palibe.

Kodi ganizoli lidachokera kuti?

M'chaka cha 1909 katswiri wina wa ku France, Arnold van Gennep, adalemba za miyambo imene anthu amachita munthu akamachoka pa msinkhu wina kulowa msinkhu wina. Iye adaona kuti miyambo yotere ili ndi magawo atatu: kupatulidwa, kukhala pakatikati, ndi kulandiridwanso. Inu zimenezi si zachilendo. Pachinamwali namwali amachotsedwa pakati pa anzake, amakakhala m'tsimba kapena kudambwe kumene namkungwi ndi aphungu amamulanga, kenaka amatuluka n'kulandiridwa ngati munthu wamkulu. M'madera ena amatuluka ndi dzina latsopano, kusonyeza kuti mwana uja kulibenso.

Patapita zaka 40, mu 1949, Joseph Campbell wa ku America, amene adabadwa mu 1904 ndi kumwalira mu 1987, adatulutsa buku lotchedwa The Hero with a Thousand Faces. Atawerenga nthano za mitundu yambiri ya anthu, adati nkhani za ngwazi zimatsata magawo atatu ofanana ndi a chinamwali aja: kunyamuka, kuyesedwa ndi kubwerera. Magawowa adawagawa m'masitepe 17. Mu 1992 Christopher Vogler, polembera anthu olemba mafilimu, adawachepetsa kufika pa 12. George Lucas, amene adapanga filimu ya Star Wars mu 1977, adavomera kuti buku la Campbell lidamuthandiza. Ife pano tasankhapo masitepe khumi amene amaoneka kwambiri m'nkhani zimene mumawerenga.

Nkhani imene tiitsate

Kuti masitepewa amveke bwino, titsata nkhani imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Iyi ndi nkhani ya Sundiata Keita, amene adayambitsa ufumu waukulu wa Mali kumadzulo kwa Africa m'zaka za m'ma 1200. Nkhaniyi idasungidwa pakamwa kwa zaka mazana ambiri ndi akatswiri otchedwa jeli, amene ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya mafumu ndi kuiimba pamaso pa anthu. Wolemba mbiri wa ku Guinea, D. T. Niane, adaimva kwa jeli wina dzina lake Mamadou Kouyaté ndipo adaisindikiza m'Chifalansa mu 1960. Buku lachingerezi lidatuluka mu 1965. Akatswiriwa amasiyana pang'ono kafotokozedwe, choncho ife titsata ka Niane. Apo ndi apo tiyerekeza ndi nkhani ya Odysseus wa ku Greece, imene ili m'ndakatulo yaitali ya Homer yotchedwa Odyssey.

GAWO LOYAMBA: KUNYAMUKA

1. Moyo wa pakhomo

Nkhani imayamba ndi kutionetsa ngwazi kwawo, isanachite chilichonse chodabwitsa. Sundiata ndi mwana wa mfumu Naré Maghan wa mzinda wa Niani. Mayi wake, Sogolon, ndi mkazi wa linunda pamsana amene anthu amamunyoza. Mlenje wina adali atalosera kale kuti mkazi wotere adzabala mfumu yoposa mafumu onse, koma mwanayo atabadwa adafika zaka zisanu ndi ziwiri akungokwawa. Bambo wake atamwalira, ufumu udapita kwa Dankaran Touman, mwana wa mkazi wamkulu, Sassouma Bérété.

Sitepe ili musalidumphe ngati mawu oyamba chabe. Ndi pano pamene mlembi amaika muyeso umene tidzayesere ngwazi pamapeto. Mukafuna kuonetsa kuti mpangankhani wasintha, muyenera kuyamba mwanena m'mene adaliri. Onaninso kuti ulosi wa mlenje uja ndi kalozera: ukutiuza zakutsogolo, komanso ukubutsa funso m'mitima yathu lakuti, mwana wosayendayu zidzatheka bwanji?

2. Kuitanidwa

Kenaka pamachitika chinthu chimene chimasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku. Chingakhale uthenga, maloto, imfa, njala kapena chipongwe. Kwa Sundiata chidali chipongwe. Tsiku lina Sogolon adakapempha masamba a mlambe oti aphikire ndiwo kwa mkazi mnzake Sassouma. Sassouma adamupatsa, koma adamuseka pomukumbutsa kuti ana a anzake amathyolera amayi awo masamba pamene wake akungokwawa. Sogolon adabwerera kunyumba akulira. Sundiata adaitanitsa ndodo yachitsulo yolemera kwa osula zitsulo, adaitsamira mpaka idapindika ngati uta, ndipo adaimirira. Atatero adakazula mtengo wonse wa mlambe n'kudzauika pakhomo pa mayi wake.

Taonani chimene chidamudzutsa. Sichidali chilakolako cha ufumu ayi, koma misozi ya mayi wake. Nthawi zonse dzifunseni kuti, n'chiyani kwenikweni chadzutsa mpangankhaniyu? Yankho la funso limeneli kawirikawiri limakutsogolerani ku mfundo yaikulu ya nkhani yonse.

3. Kuzengereza

Ngwazi zambiri sizivomera msanga. Zimachita mantha, zimapereka zifukwa, mwinanso kuthawa kumene. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Yona wa m'Baibulo, amene atatumidwa ku Nineve adakwera chombo cholowera kwina. Nthano za Agiriki zimanenanso kuti Odysseus adanamizira misala kuti asapite kunkhondo ya ku Troy. Kuzengereza kumationetsa kuti ngwazi ndi munthu ngati ife tomwe, ndiponso kuti ulendowo ndi woopsadi. Kwa Sundiata sitepe ili silioneka bwinobwino. Ena amati zaka zake zokwawa zija ndiye kuzengereza kwake, koma mungathe kutsutsa ponena kuti kulumala sikusankha. Mayankho onse awiri ndi ovomerezeka malinga mupereke umboni wa m'nkhani.

4. Mlangizi

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngwazi isanalowe m'zoopsa imapeza munthu woipatsa nzeru, chida kapena mankhwala. M'nthano zathu mlangizi amakonda kukhala nkhalamba yonyansa ya m'mbali mwa njira imene ena onse adaipitirira osaipatsa moni. Mfumu Naré Maghan asanamwalire adapatsa Sundiata mnyamata wotchedwa Balla Fasséké kuti akhale jeli wake, woti azimuphunzitsa mbiri ya makolo ndi malamulo a dziko. Koma taonani chimene chimachitika kawirikawiri: mlangizi sakhalitsa. Dankaran Touman adachotsa Balla Fasséké n'kumutumiza kwa mfumu ya ku Sosso. Mlembi amachotsa mlangizi mwadala kuti tione ngati malangizo aja adalowadi m'mutu.

5. Kuwoloka malire

Apa ndi pamene ngwazi imasiya dziko lodziwika n'kulowa lachilendo. Malirewo angakhale mtsinje, nkhalango, chipata cha mudzi kapena siteshoni ya basi. Sogolon, poopa kuti Sassouma aphetsa ana ake, adawatenga n'kutuluka mu Niani. Kuyambira pamenepa mwana wa mfumu adasanduka mlendo wodalira chifundo cha eni dziko. Mukamawerenga, samalani ndi kusintha kwa malo, chifukwa malo akasintha malamulo nawo amasintha. Dzina limene linkatsekula makomo kwanu, kwa eni silidziwika n'komwe.

GAWO LACHIWIRI: KUYESEDWA

6. Mayesero, abwenzi ndi adani

Ili ndi sitepe lalitali, ndipo ndi pano pamene ophunzira ambiri amasochera n'kuyamba kuwerengetsa zochitika. Banja la Sogolon lidayenda kuchokera ku Djedeba kupita ku Tabon, kenaka ku ufumu wakale wa Ghana, mpaka lidakakhazikika ku Mema. Ku Djedeba mfumu idalandira golide kwa Sassouma kuti iphe Sundiata, koma mnyamatayo adazindikira chiwembucho ndipo adapulumuka chifukwa cha nzeru, osati mphamvu. Ku Tabon adali ndi bwenzi lake la paubwana limene pambuyo pake lidadzamuthandiza pankhondo. Ku Mema mfumu Moussa Tounkara idamuphunzitsa kumenya nkhondo, mpaka idamuika kukhala wachiwiri wake.

M'malo mongotchula malowa, funsani kuti pamalo alionse waphunzirapo chiyani. Mudzaona kuti mwana amene adachoka kwawo ali ndi mphamvu za m'manja zokha tsopano ali ndi kuchenjera, abwenzi ndi luso lolamulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zaka zisanu ndi ziwiri za kuchilendo zidali sukulu yake ya ufumu.

7. Chiyeso chachikulu

Apa ndi pampondachimera. Ngwazi imakumana ndi chimene imachiopa koposa, ndipo zimaoneka ngati zonse zatha. Mdani wa Sundiata adali Soumaoro Kanté, mfumu ya ku Sosso, katswiri wa matsenga amene adali atalanda Niani. Pankhondo zoyamba mivi ya Sundiata inkangodumpha pathupi la Soumaoro, ndipo iye ankazimirira apa n'kukaonekera apo. Sundiata adazindikira kuti mphamvu zokha sizikwanira.

Tsono thandizo lidachokera kuti? Lidachokera kwa mlongo wake Nana Triban, mwana wa Sassouma yemwe uja, amene adakwatiwa ndi Soumaoro mokakamizidwa. Iye adamunyengerera mwamunayo mpaka adaulula chinsinsi chake: chimene chikadamugonjetsa ndi kachala kakuthwa ka kumbuyo kwa mwendo wa tambala woyera. Nana Triban adathawa pamodzi ndi Balla Fasséké kukauza Sundiata. Nayenso Fakoli, mphwake wa Soumaoro, adagalukira malume ake chifukwa adamulanda mkazi. Pankhondo ya ku Krina, cha m'ma 1235, muvi wokhala ndi kachala ka tambala kaja udangomukhudza Soumaoro paphewa, mphamvu zake n'kutha. Adathawa n'kukalowa m'phanga la phiri la ku Koulikoro, osaonekanso.

Mwaonatu? Mdani adagwa chifukwa cha nkhanza zake zomwe, pakuti ndi nkhanzazo zimene zidamuchotsera anthu a m'nyumba mwake. Ngwazi idapambana chifukwa cha anthu amene idali nawo. Mutu umodzi susenza denga.

8. Mphotho

Chiyeso chikatha ngwazi imapeza chinthu: chuma, mkazi, mankhwala, ufumu kapena nzeru. Mphotho imakhala paziwiri, yooneka ndi yosaoneka. Yooneka ya Sundiata ndi dziko la makolo ake. Yosaoneka ndi yakuti mwana wa mkazi wonyozeka uja tsopano mafumu anzake akumusankha okha kuti awatsogolere. Wophunzira wabwino amatchula zonse ziwiri. Amafunsanso mtengo wake, chifukwa mphotho siibwera yaulere. Sogolon, amene adavutikira mwana wake moyo wonse, adamwalira ku Mema osaona ufumuwo.

GAWO LACHITATU: KUBWERERA

9. Njira yobwerera

Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Komatu kubwerera si chinthu chapafupi. Kumene ngwazi yapita kumatha kukoma mpaka kwawo kuiwalika. Sundiata ku Mema adali pabwino, ulemu ali nawo, ufumu wa kumeneko ukumudikira. Anthu a kwawo adatuma nthumwi zimene zinkayenda m'misika ya maiko osiyanasiyana zikugulitsa masamba a mlambe ndi ndiwo zina za kwawo, podziwa kuti amene adzazizindikire ndi mwana wa ku Niani basi. Mlongo wake wa Sundiata, Kolonkan, adazizindikira pamsika wa ku Mema. Masamba omwe aja adamuimiritsa ali mwana ndi amenenso adamuitana kuti abwerere. Ichi n'chizindikiro chimene mlembi wachibwereza mwadala, ndipo kuchitchula pamayeso kumaonetsa kuti mudawerenga ndi maso awiri.

Odysseus naye adamenya nkhondo zaka khumi ku Troy, n'kuthanso zaka zina khumi panjira yobwerera kwawo ku Ithaca. Zisanu ndi ziwiri mwa zakazi adakhala pachilumba cha Calypso, amene adamulonjeza moyo wosafa ngati angakhale naye, koma iye adasankha kwawo. Campbell adaona kuti ngwazi zina zimakana kubwerera. Ife tili nalo kale liwu la anthu otere: matchona, aja adapita kumigodi ya ku Joni kapena ku Halale n'kusiya makasu akuchita dzimbiri kumudzi.

10. Kufika ndi mphatso

Sitepe lomaliza limayankha funso lakuti, anthu otsala kumudzi apindulanji? Atagonjetsa Soumaoro, Sundiata adasonkhanitsa mafumu ndi mafuko pabwalo la Kouroukan Fougan pafupi ndi Kangaba. Kumeneko adagawa maiko ndi maudindo, ndipo adakhazikitsa malamulo oti mafukowo azikhalira limodzi. Malamulo amene anthu a kumeneko amati adachokera pamsonkhanowu adalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2009 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mphatso ya Sundiata sidali golide, koma mtendere ndi dongosolo.

Yerekezani ndi Odysseus. Iye adanyamuka ku Troy ndi zombo 12 koma adafika kwawo yekhayekha, anzake onse atathera panjira. Adalowa m'nyumba yake yomwe atavala nsanza ngati wopemphetsa, ndipo woyamba kumuzindikira pakhomopo adali galu wake wokalamba, Argos. Ngwazi ziwirizi zonse zidabwerera, koma wina adabwera ndi khamu, wina adabwera yekha. Kusiyana kotereku ndi kumene kumaulula phunziro la nkhani iliyonse payokha.

Chenjezo: musakakamize nkhani

Masitepewa ndi chida chokuthandizani kuona, osati lamulo limene mlembi aliyense adalumbira kulitsata. Kumbukirani zinthu zinayi izi.

Choyamba, masitepe amatha kusinthana malo. Mwina mwaona kale kuti m'nkhani ya Sundiata nkhondo ya ku Krina, imene taiika pa sitepe 7, idachitika iye ali kale panjira yobwerera, imene ndi sitepe 9. Adaitanidwanso kawiri: koyamba ndi misozi ya mayi wake, kachiwiri ndi nthumwi za ku Niani.

Chachiwiri, ngwazi zina sizibwerera ndi thupi. Taganizani za Mbona wa Amang'anja. Nkhani yake ili ndi kafotokozedwe kosiyanasiyana, monga adaonetsera Matthew Schoffeleers m'buku lake la River of Blood la mu 1992, koma mutu wake ndi wakuti Mbona adali ndi mphamvu yogwetsa mvula, akuluakulu ena adamuchitira nsanje, ndipo adathawira kummwera adani ali pambuyo. Zida zawo zidalephera kumupha mpaka iye mwini adawauza kanthu kochepa kamene kakadamupha. Magazi ake adasanduka mtsinje, ndipo mutu wake udaikidwa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wake. Mbona sadabwerere kumudzi ayi, koma mphatso yake, imene ndi mvula, anthu amakhulupirira kuti imabwera kudzera mwa mzimu wake. Onaninso kuti chinsinsi cha kanthu kochepa kogonjetsa munthu wosalasika, chimene kwa Sundiata chidali cha mdani, kwa Mbona ndi cha ngwazi yeniyeniyo, ndipo akuchiulula yekha. Imfa yake ndi yodzipereka.

Chachitatu, chiyeso chachikulu sichikhala nkhondo nthawi zonse. M'buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, limene lidatuluka mu 1933, mpangankhani ndi mnyamata wovuta amene amachoka kwawo, amabwerera, amalowa ufumu ndipo pamapeto amatembenuka mtima kukhala Mkhristu. Mdani wake wamkulu si chilombo kapena mfiti, koma khalidwe lake lomwe.

Chachinayi, akatswiri ena adadzudzula Campbell kuti adasankha nkhani zogwirizana ndi ganizo lake n'kusiya zotsutsana nalo, ndiponso kuti ulendo wake ndi wa amuna. N'chifukwa chake mu 1990 Maureen Murdock adalemba The Heroine's Journey pofuna kufotokoza ulendo wa akazi. Inunso tayesani kuichotsa Sogolon, Kolonkan ndi Nana Triban m'nkhani ya Sundiata muone ngati patsale ngwazi. Palinso nthano zambiri, monga za Kalulu, zimene mpangankhani sasintha n'komwe. Kalulu wa pamapeto ndi tambwali yemwe uja wa pachiyambi. Nthano zotere musaziveke malaya a ulendo wa ngwazi, sawakwana.

Kagwiritsidwe ntchito pamayeso

Cholinga si chakuti muloweze maina a Campbell ndi Vogler. Cholinga n'chakuti pa buku lililonse limene mukuwerenga m'Folomu 4, kaya ndi nthano yaitali, yaifupi kapena sewero, muthe kuyankha mafunso asanu awa:

(a) Mpangankhani adali wotani asananyamuke, ndipo ankasowa chiyani?
(b) N'chiyani chidamuchotsa pakhomo?
(c) Ndani adamuthandiza, ndani adamupinga, ndipo adaphunzira chiyani kwa aliyense?
(d) Pampondachimera ndi pati, ndipo adataya chiyani kuti apambane kapena adalephera chifukwa chiyani?
(e) Pamapeto iye ndi anthu ake asintha motani?

Mayankho a mafunsowa ndiwo ndime za chimangirizo chanu. Tiyerekeze kuti funso likuti: "Fotokozani m'mene kukhala kudziko la eni kudamukonzekeretsera Sundiata kukhala mfumu." Taonani mayankho awiri awa.

Yankho loyamba: "Sundiata adachoka ku Niani ndi mayi wake. Adapita ku Djedeba. Kenaka adapita ku Tabon. Atachoka ku Tabon adapita ku Ghana ndipo pomaliza adafika ku Mema kumene adakhala nthawi yaitali."

Yankho lachiwiri: "Kukhala kudziko la eni kudamuphunzitsa Sundiata luso lolamulira. Ku Mema mfumu Moussa Tounkara idapita naye kunkhondo ndipo pambuyo pake idamuika kukhala wachiwiri wake, kotero kuti ankayendetsa dziko mfumuyo ikachoka. Izi zikuonetsa kuti pamene nthumwi za ku Niani zinkamupeza, iye adali atazolowera kale kusenza udindo umene kwawo adamumana."

Zonse zimene zanenedwa m'yankho loyamba n'zoona, koma funso silidayankhidwe. Yankho lachiwiri layamba ndi mfundo, lapereka umboni wa m'nkhani, kenaka lamasulira umboniwo mogwirizana ndi funso. Ndime iliyonse ya chimangirizo chanu izikhala ndi zinthu zitatu zimenezi: mfundo, umboni ndi kumasulira. Ngati sitepe lina mulibe m'buku lanu, musalipeke. Kunena kuti mpangankhaniyu adalibe mlangizi, ndipo n'chifukwa chake adagwa m'mavuto, ndi mfundo yamphamvu kuposa kunamizira munthu wongodutsa kuti ndi mlangizi. Paja safunsa adadya phula.

Mafunso obwereza

1. Tchulani magawo atatu a ulendo wa ngwazi ndipo fotokozani m'mene akufananira ndi magawo a chinamwali.
2. N'chifukwa chiyani sitepe la moyo wa pakhomo lili lofunika pofotokoza kusintha kwa mpangankhani?
3. Masamba a mlambe akupezeka kawiri m'nkhani ya Sundiata. Fotokozani ntchito yake pamalo onse awiri.
4. Perekani njira ziwiri zimene kubwerera kwa Sundiata kukusiyanirana ndi kwa Odysseus.
5. Kodi Mbona tingamutche ngwazi ngakhale sadabwerere kwawo? Perekani zifukwa ziwiri.
6. Fotokozani mbali imene akazi atatu adatengapo pa kupambana kwa Sundiata.

Ntchito ya m'magulu

Pagulu lanu sankhani buku limodzi mwa mabuku amene mukuwerenga chaka chino. Jambulani mizere itatu papepala. Mumzere woyamba lembani masitepe khumi aja, muwachiwiri lembani chochitika cha m'bukulo chogwirizana ndi sitepe lililonse, ndipo muwachitatu lembani chimene chasintha mwa mpangankhani. Pamene sitepe palibe siyani mpata, kenaka kambiranani chifukwa chimene mlembi adalisiyira. Aliyense alembe chimangirizo cha ndime zisanu pa mutu wakuti "M'mene ulendo udasinthira mpangankhani wamkulu", ndipo musinthane ndi mnzanu kuti aone ngati ndime iliyonse ili ndi mfundo, umboni ndi kumasulira.